Peugeot ya malemu bambo ipite kuti ng'anjo iyake? Mafunso ndi mayankho a ku Dedza

M'makomo ena a ku Dedza, kuyambira pa boma mpaka ku Bembeke, Linthipe ndi Lobi, mumapezeka galimoto yakale itaima kuseri kwa nyumba, matayala ataphwa, ina itakhazikidwa pa njerwa. Kawirikawiri imakhala Peugeot 404 ya pikapu, Land Rover, Datsun, kapena Volkswagen ija timaitcha chikumbu. Eni ake akaiyang'ana amaona thukuta la bambo awo. Tsono mwana wa pakhomopo akaphunzira kuumba, kusema kapena ukalipentala n'kusowa mpamba, maso a banja lonse amatembenukira ku galimoto ija, ndipo mikangano imayamba. Ine ndili kumbali ya ogulitsa, koma kugulitsa kwake kuli ndi nthawi yake ndiponso njira yake.

Galimoto yoti inasiya kuyenda kalekale, alipo angaigule ndi ndalama zooneka?

Alipo, malinga ndi mtundu wake komanso mmene yasungidwira. Peugeot 404 inayamba kupangidwa ku France mu 1960, ndipo ku Kenya anapitiriza kuilumikiza mpaka 1991, n'chifukwa chake masipeya ake akupezekabe m'maiko a kuno kwathu. Land Rover ya Series III, yomwe inapangidwa kuyambira 1971 mpaka 1985, ili ndi anthu ake oikonda padziko lonse. Chikumbu chinkapangidwa ku Uitenhage ku South Africa kuyambira 1951 mpaka 1979, ndipo chomaliza penipeni chinatuluka ku Mexico mu 2003. Popeza palibenso fakitale yopanga magalimoto amenewa, amene atsala ali ndi mtengo kwa munthu wodziwa.

Koma ogula ali mitundu iwiri, ndipo kusiyana kwawo n'kwakukulu. Wina ndi wogula zitsulo zakutha, amene amabwera ndi sikelo m'mutu mwake, n'kukuuzani kuti galimotoyo yatha ntchito. Winayo ndi munthu amene akufuna kuikonza kuti iyendenso: mwini malo ogona alendo, wonyamula akwati, kapena wongokonda zakale wa ku Lilongwe, Blantyre ngakhale kunja kwa dziko. Woyambayo amafika msanga chifukwa amayendayenda m'midzi. Wachiwiriyo muyenera kumufunafuna, ndipo zingakutengereni miyezi. Banja lothamangira ndalama limagwa m'manja mwa woyamba uja.

Wodziwa magalimoto sayamba ndi penti. Amagwada n'kusuzumira kunsi, kuona chasisi, pansi pa mipando, m'mphepete mwa zitseko. Pa Land Rover, bodi yake ndi ya aluminiyamu ndipo sichita dzimbiri, koma chasisi ndi chipupa cholekanitsa injini ndi dalaivala n'zachitsulo, ndipo n'zimene zimawola. Amafunsanso ngati nambala ya injini ndi ya chasisi zikufanana ndi za m'bulu buku. Galimoto yoti sinasokonezedwe, yokhala ndi magalasi, nyali ndi mipando yake yoyambirira, imaposa mtengo ija anaiikamo injini ya mtundu wina. Choncho musaipake penti yotchipa poganiza kuti mukuikongoletsa. Itsukeni basi.

Bwanji osangoisunga? Ikamakalamba si ndiye mtengo ukukwera?

Umakwera kwa galimoto yokhala m'galaja youma, yolizidwa kawirikawiri. Ya pabwalo ku Dedza nkhani yake ndi ina. Tauni ya Dedza ili pamalo okwera mamita pafupifupi 1,600 pamwamba pa nyanja yamchere, phiri lake limafika mamita 2,198, ndipo aliyense wa kuno amadziwa nkhungu ndi mame a mu June ndi July, osanenanso mvula ya dzinja. Chinyontho chimenechi chimalowa m'chitsulo usiku uliwonse. Mabuleki amagwira, makoswe amadya mawaya, madzi amalowera m'mphepete mwa galasi n'kukakhala pansi pa kapeti.

Palinso nkhani ya mafuta. Dziko lathu linayamba kusakaniza ethanol wa ku Dwangwa mu petulo mu 1982. Ethanol amakoka madzi, ndipo petulo wotere akakhalitsa mu thanki amadyetsa thankiyo dzimbiri, kuumitsa mapaipi a labala ndi kutseka kabureta. Kuwonjezera apo, petulo wokhala ndi mtovu, amene injini zambiri zakale zinapangidwira, anasiya kugulitsidwa m'chigawo chino cha Africa pofika 2006. Galimoto yongokhala ikutsika mtengo chaka ndi chaka, ngakhale mwini wake sakuona. Ngati muli ndi ndalama zoikonzera ndi kuisamala, sungani ndithu, ndipo ndikuyamikirani. Ngati mulibe, kuisunga n'kuitaya pang'onopang'ono.

Ndi ya malemu bambo, ndipo ine ndiye mwana woyamba. Sindingaigulitse ndekha?

Ayi, achimwene, musayerekeze. Galimoto ya munthu womwalira ndi chuma cha masiye, ndipo lamulo loona za chuma chotere la 2011 limaika patsogolo mkazi kapena mwamuna wa malemu, ana onse, ndi ena amene ankadalira malemuyo. Kukhala woyamba kubadwa sikukupatsani mphamvu yogulitsa. Pamafunika munthu wopatsidwa chilolezo choyendetsa chumacho, kudzera ku khoti, kwa DC kapena kwa Administrator General. Popanda kalata imeneyi, a Road Traffic sangasinthe dzina la mwini galimoto, ndipo wogula wanzeru sangatulutse ndalama.

Lamulo likatha pamatsala banja. Mayi akadali moyo, mawu awo ndiwo oyamba. Alongo anu amve nkhaniyi kuchokera kwa inu, asaimve kwa anthu a pamsika. Atsibweni aitanidwe, pakuti kuno kwathu nkhani ya chuma ikavuta imakathera kwa iwo. Ndipo mugwirizane poyera: ndalamazo n'gawo lanu lokha, kapena ena akukubwerekani magawo awo? Mudzabweza liti? Kapena akhala eni ake a bizinesi pamodzi ndi inu? Lembani papepala, aliyense asaine. Abale ambiri amadana patapita zaka zisanu, pamene malo a ntchito ayamba kupanga ndalama, wina n'kukumbukira kuti galimoto inali ya tonse.

Pali chinanso chimene amuna a ku Dedza sayenera kuchilumpha. Ngati muli pa chikamwini, shedi ndi ng'anjo mukuzimanga pa malo a kuchikazi. Banja likadzagwedezeka, makina mungathe kunyamula, koma ng'anjo ya njerwa simunganyamule. Kambiranani za malo musanaike njerwa yoyamba. Lamulo la malo a mafumu la 2016 limalola kulembetsa malo, ndipo ngakhale zimenezo zisanatheke, kalata yosainidwa pamaso pa anyakwawa ndi mboni ili ndi ntchito.

Kodi ntchito zamanja zingadyetsedi munthu ku Dedza, kapena ndi maloto chabe?

Boma la Dedza lili ndi umboni woposa maboma ambiri. Dedza Pottery inayamba mu 1987, oyambitsa ake ndi Christopher ndi Charity Stevens. Lero munthu wochokera ku Lilongwe, ulendo wa makilomita pafupifupi 85 pa msewu wa M1, amapatuka dala kuti akaone makapu, mbale, miphika ya maluwa ndi matailosi ojambulidwa ndi manja. Pamalopo pali podyera ndi pogona alendo, ndipo ntchitoyi inafika mpaka ku Nkhotakota. Chimene ine ndimaphunzirapo n'chakuti iwo sanadalire chinthu chimodzi. Mlendo wobwera kudzamwa tiyi amatuluka ndi kapu m'manja, ndipo womanga nyumba ku Lilongwe amaitanitsa matailosi.

Mukatsika phiri kupita ku Mtakataka mumafika ku Mua, mishoni imene ansembe a White Fathers anatsegula mu 1902. Kumeneko bambo Claude Boucher Chisale, wansembe wochokera ku Canada, anayambitsa Kungoni Centre of Culture and Art mu 1976 pamodzi ndi amisiri osema a m'deralo. Zosema za ku Kungoni zili m'matchalitchi ambiri m'dziko muno ndi kunja, ndipo nyumba ya Chamare pamalopo imasunga zigoba za Gule Wamkulu zoposa 400. Mphamvu ya Kungoni inali kuphunzitsa: mmisiri mmodzi kulera anzake, zaka ndi zaka, mpaka dera lonse linadziwika ndi luso limenelo.

Luso la manja silachilendo m'mapiri muno. M'mapanga a Chongoni muli malo 127 a zojambula za pamiyala, zofiira za Akafula ndi zoyera za Achewa, ndipo UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 2006. Amayi a m'midzi akhala akuumba mitsuko, nkhali ndi miphika kuyambira kalekale, mayi kuphunzitsa mwana wake wamkazi, kudziwa mtapo wabwino pongoufinya m'manja. Ndikunena izi dala, chifukwa pa nkhani ya galimoto banja limafulumira kuganiza za mwana wamwamuna, pamene mwina woumba weniweni pakhomopo ndi mlongo wake.

Komabe ndisakunamizeni. Malo awiri aja, Dedza Pottery ndi Kungoni, anakula patapita zaka zambiri, ndipo anali ndi njira zofikira ogula akutali. Munthu woyamba lero ndi ndalama ya galimoto imodzi ayambe ndi zochepa, zimene akudziwa kale amene adzagule.

Ndalama zikalowa m'manja, ndiyambire kugula chiyani?

Yankho la funsoli likhale lokonzeka galimoto isanachoke pakhomo. Mu May 2022 kwacha inagwetsedwa ndi 25 peresenti, mu November 2023 inagwetsedwanso ndi 44 peresenti, ndipo m'zaka za 2023 ndi 2024 mitengo ya zinthu inkakwera ndi zoposa 25 peresenti pachaka. Munthu amene anagulitsa katundu mu October 2023 n'kusunga ndalama poyembekezera kuganiza bwino, pofika Khirisimasi makina ochokera kunja amene ankawafuna anali atamuthawa. Yendani kaye m'masitolo, tengani mitengo yolembedwa, dziwani wogulitsa ndi tsiku limene katundu angafike. Ndalama ya galimoto isagone nthawi yaitali. Ikagona, maliro, sukulu fizi ndi feteleza zidzaipeza, ndipo zonsezo ndi zosowa zenizeni zimene simungazikane.

Kwa woumba, mtima wa ntchito ndi ng'anjo. Kuotcha kwa makolo, kounjika nkhuni pamwamba pa mbiya pabwalo, kumafika madigiri 600 mpaka 900, ndipo n'kokwanira mtsuko ndi mphika. Kapu kapena mbale yonyezimira, yosayamwa madzi, yolira ngati belu mukaigogoda, imafuna moto wopitirira madigiri 1,200, ndipo moto wotere umafuna njerwa zapadera zosasungunuka. Ng'anjo yamagetsi yaikulu imafuna magetsi a mawaya atatu, ndipo kuwakokera pamalo ndi ndalama zina zimene anthu amaiwala kuziwerengera. Magetsi akazima pakati pa kuotcha, katundu wa mwezi wathunthu angawonongeke. Tonse tikukumbuka 2022, pamene namondwe Ana anawononga Kapichira n'kuchotsa mamegawati pafupifupi 130, mdima n'kukhala wa tsiku ndi tsiku kupitirira chaka. N'chifukwa chake woyamba kumene ndimamulangiza ng'anjo ya nkhuni yomangidwa bwino, yodya zidutswa za paini ndi utuchi wa kumacheka, amange ndi mmisiri amene anamangapo ina yomwe ikugwira ntchito.

Kwa kalipentala ndi wosema, zida zamanja zabwino zitsogole: sompho, matchizulo, sowo, pulena, zopanira, mwala wonolera. Makina abwere pamene maoda achuluka moti manja akulephera. Shedi ikhale ndi denga losadontha ndi malo oumitsira matabwa, chifukwa thabwa laliwisi la ku Dedza mukalipangira chitseko lero, pofika October lapindika, kasitomala n'kukutukwanani.

Ndipo musathere ndalama yonse pa zida. Gawo lina, ine ndinganene limodzi mwa magawo atatu, litsale la dongo, matabwa, guluu, thiransipoti ndi malipiro a wokuthandizani kwa miyezi yoyamba, pamene katundu akupangidwa koma sanayambe kubweza.

Bwanji osatenga ngongole, galimoto n'kutsala?

Chifukwa ntchito yamanja imabweza mochedwa, pamene ngongole sidikira. Mu 2024 Reserve Bank inaika chiwongoladzanja chake pa 26 peresenti, ndipo mabanki amaonjezerapo chawo. Banki nkhonde ndi yabwino pogula dongo kapena matabwa a oda imodzi, koma singakumangireni ng'anjo. Za katapila tisanene n'komwe. Komanso galimoto yosayenda, yopanda COF ndi inshulansi, palibe banki ingailandire ngati chikole. Mpamba wa galimoto uli ndi ubwino umodzi waukulu: ng'anjo yoyamba ikasweka mbiya zonse, monga zimachitikira pophunzira, palibe amene adzagogode pakhomo kudzalanda mbuzi.

Dongo ndi mitengo ndizipeza kuti?

Dongo lilipo. Ku Linthipe kuli dongo la mtundu wa kaolin lodziwika kwa akatswiri a za miyala ndi migodi, ndipo m'madambo ambiri muli mtapo wa mbiya. Koma dongo lililonse liyesedwe: umbani tizidutswa, otchani, onani ngati tikung'aluka kapena kufota kwambiri. Pa utoto wonyezimiritsa mbale ndi makapu, pewani uliwonse wokhala ndi mtovu, chifukwa umalowa m'chakudya ndipo umawononga ubongo wa ana. Fumbi la dongo louma nalonso limawononga mapapo, choncho pansi pa shedi muzikolopa ndi madzi, musamasese pouma.

Mitengo ndiye nkhani yowawa. Mlombwa, mbawa ndi phingo zatha m'malo ambiri, ndipo lamulo la nkhalango la 1997, lomwe linakhwimitsidwa mu 2020, lili ndi zilango zazikulu kwa wodula kapena kunyamula mitengo yachilengedwe popanda chilolezo. Phingo ali m'gulu la mitengo imene malonda ake a pakati pa maiko anayamba kulamulidwa ndi pangano la CITES mu 2017. Mmisiri amene akufuna kudzagwirabe ntchito zaka makumi awiri zikubwerazi aphunzire kugwiritsa paini, bulugamu, malaina, jakaranda ndi mtengo wa mango, asunge malisiti a kumene wagula, ndipo abzale yake. Dedza ndi kwawo kwa sukulu ya zankhalango ya dziko lino, nzeru za mbande sizili kutali.

Alendo akunja akasiya kubwera, ndidzagulitsa kwa yani?

Funsoli linayankhidwa mu 2020. Mliri wa Covid-19 utatseka mabwalo a ndege, ogulitsa ziboliboli m'misewu anakhala miyezi osaona kasitomala. Amene anapirira ndi amene ankapanga zinthu zofunika kwa Amalawi anzawo: zitseko, mafelemu, mipando, madesiki, mabenchi a m'tchalitchi, miphika ya maluwa, mbaula. Chitetezo mbaula, ija ya dongo yosunga nkhuni, inapatsa magulu ambiri a amayi ndalama kuchokera pamene boma linalengeza mu 2013 cholinga chofikitsa mbaula zamakono 2 miliyoni pofika 2020. Mlendo wa ku Germany amagula kamodzi n'kupita. Mayi wa ku Chimbiya akakhutira ndi mbaula yanu, amatuma mnzake sabata yamawa. Malo a ntchito aime pa ogula a kuno, za alendo zikhale zoonjezera.

Pogulitsa penipeni ndisamale chiyani?

Mapepala akhale m'manja: bulu buku, chiphaso cha unzika, ndi kalata ya chuma cha masiye ngati mwini wake anamwalira. Jambulani galimoto mbali zonse, kunsi komwe, ndipo nenani zoona za dzimbiri, pakuti wogula wodziwa adzaliona ndithu. Funsani makaniko wachikulire amene anagwirapo magalimoto a kabureta kuti akuuzeni chimene chili bwino ndi chimene chafa. Nthawi zina batire, mapulagi ndi kutsuka thanki zimaliza injini, ndipo galimoto yolira imagulidwa mosiyana kwambiri ndi yachete. Lengezani pa Facebook ndi pa WhatsApp, dikirani anthu angapo apereke mitengo yawo. Makiyi asachoke ndalama isanaoneke mu akaunti yanu, ndipo uthenga wa pafoni wonena kuti ndalama yatumizidwa si ndalama. Pitani nokha ndi wogulayo ku Road Traffic kukasintha umwini, musasiyire madobadoba, chifukwa galimoto ikatsala m'dzina la kwanu, mlandu uliwonse umene ingadzapalamule udzafika pakhomo panu. Wogula akafuna kuitulutsa pa chipata cha Dedza kupita ku Mozambique kapena kupitirira, za MRA ndi za apolisi zikhale zake, ndipo zilembedwe m'pangano.

Nanga mtima? Mayi akuti akaiona amaona mwamuna wawo.

Mawu amenewo musawapeputse. Amuna ambiri a m'badwo umenewo anapeza chuma chawo movutika, ena m'migodi ya ku Joni kudzera ku Wenela ndi Theba mpaka ulendowo unatsekedwa cha mu 1988, ena m'minda ya mbatatesi, ena pa ntchito ya boma ya zaka makumi atatu. Galimoto ija inanyamula odwala usiku, inanyamula akwati, inanyamula maliro a pamudzi. Kuichotsa pakhomo kumawawa ngati kusesa kachiwiri, ndipo mayi apatsidwe nthawi. Ngati akana chaka chino, dikirani, muiphimbe bwino ndi kuichotsa padothi.

Chimene ndingawauze mayiwo n'chakuti amuna awo ankaikonda galimotoyo chifukwa ankaimvetsa. Ankatsegula boneti, kumvetsera, kumanga ndi waya, kufika kwawo. Anali anthu okhulupirira manja awo, ndipo mwana amene akufuna kudya za manja ake watengera iwowo. Jambulani zithunzi banja lonse litaima pambali pake. Sungani kabuku kake kakale kapena kiyi wapadera. Pa msewu wotsika kuchokera ku Masasa kupita ku Golomoti pali amisiri amene amapanga timagalimoto, njinga ndi ndege za mtengo, mawilo ake ozungulira ndithu. Mukawapatsa chithunzi angathe kukusemerani yanu. Ndipo sankhani wogula amene adzaiyendetse, kuti tsiku lina mudzamve kuti inaoneka pa ukwati ku Lilongwe.

Ndi liti pamene mungandiuze kuti ndisagulitse?

Ngati luso mulibe. Ndalama imagula ng'anjo, koma siiphunzitsa munthu kuotcha. Amene sanakhalepo pansi pa mmisiri wina, kaya ku sukulu ya ntchito zamanja yovomerezeka ndi TEVETA, kaya pa shedi ya munthu wodziwa, kwa chaka kapena ziwiri, apite akaphunzire kaye, galimoto idikire. Musagulitsenso ngati galimotoyo ikuyenda ndipo ikudyetsa banja ponyamula kabichi ndi mbatatesi za ku Bembeke, kapena ngati malo a ntchito omwewo adzafuna pikapu yonyamulira dongo ndi matabwa. Pikapu ya Nissan 1400, yomwe inapangidwa ku South Africa mpaka 2008, ingakhale chida cha pashedi choposa makina ena. Musagulitse ngati mayi kapena mmodzi wa abale sanavomere.

Muyeso wanga ndi uwu. Bwerekani zida, pangani zinthu khumi, mupite nazo pamsika wa Dedza kapena mukaziike m'sitolo ya munthu ku Lilongwe. Zikagulidwa ndi anthu osakudziwani, pa mtengo wobweza zimene munalowetsa ndi kutsala kanthu, ndipo wina akafunsa nambala yanu kuti adzaitanitse zina, itanani atsibweni ndi alongo anu mukhale pansi, muyambe kufunafuna wogula galimoto.